Za Anyamata ndi Atsikana Oponderezedwa pa Ntchito, ndi Kumene Angakadandaule

Phunziro la mwezi uno lili la inu akuluakulu amene ana anu achoka pamudzi kukafuna ntchito, ndiponso la inu anyamata ndi atsikana amene muli kumanga akatundu anu kuti mupite. Odziwa kuwerenga awerengere anzawo osadziwa, pakuti nkhani iyi ikhudza nyumba zambiri. Ili yowerengeka midzi imene sinatumizepo mwana ku esiteti ya fodya ku Kasungu kapena ku Mzimba, kuminda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, kukaweta ng'ombe za eni, kapena kukalera ana a anthu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ena abwera bwino, ali ndi njinga ndi malata. Koma ena abwera chimanjamanja, ataonda, ndipo tikawafunsa za malipiro awo angoti, "Abwana anati ndidzapitenso." Ife tiwapepesa, tiwaphikira nsima, ndipo nkhani ithera pomwepo.

Siiyenera kuthera pomwepo. Dziko la Malawi lili ndi malamulo oteteza wantchito wamng'ono, ndipo kuli anthu a Boma amene ntchito yawo ndiyo kumva madandaulo otere. Koma lamulo lili ngati khasu, sililima lokha. Lifuna munthu wolinyamula, wodziwa khomo loyenera kugogoda, wofika nthawi isanathe, ndiponso wokhala ndi umboni m'manja. Milandu yambiri ya ana athu iwonongeka tsiku lomwe achoka pamudzi, chifukwa achoka popanda mboni ndi popanda cholembedwa.

Za thangata ndi utenanti

Agogo athu anaidziwa ntchito ya thangata. Poyamba mawuwo anali abwino, ndiwo kuthandizana kumunda. Koma Azungu atatenga malo aakulu kumtunda kwa Shire anawatembenuza, kotero kuti munthu wokhala pa malo a Mzungu anagwira ntchito m'malo mwa lendi, ngakhale pa nyengo imene munda wake womwe unafuna kupalira. Kuwawa kwa ntchito imeneyo kunali chimodzi cha zinthu zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe m'chaka cha 1915, ndipo lamulo linaithetsa m'chaka cha 1962.

Koma mbale wake wa thangata, ndiye utenanti, anatsala. Machitidwe ake ambiri a inu muwadziwa. Mwini esiteti apatsa banja ndime, mbewu, feteleza ndi phoso, zonsezo pangongole. Banja liyamba ku nazale, liwokera, lipalira, lithyola, lisoka, lipachika m'chigafa, lisankha masamba, miyezi yambiri osaona ndalama. Pomaliza mwini agula fodyayo pa mtengo umene anena yekha, nachotsa ngongole zimene analemba yekha m'buku limene asunga yekha. Pangano anapangana ndi bambo yekha, koma ndime ili yaikulu yosatheka munthu mmodzi. Chotero mkazi ndi ana alowa m'munda, ndipo dzina la mwana silili m'buku lililonse. Anagwira chaka chathunthu, koma pa kuwerengera ali ngati sanakhaleko.

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti, ndipo wougwiritsa anthu apalamula mlandu. Tsono wolima fodya wa mwini ayenera kulembedwa monga wantchito wolandira malipiro odziwika. Koma chizolowezi cha zaka zambiri sichitha chifukwa pepala lasainidwa ku Lilongwe. Wobwera ndi galimoto kudzafuna anthu akanena kuti, "Tidzawerengerana fodya akagulidwa ku okushoni," dziwani kuti ali kunena za utenanti womwewo, angakhale autche dzina lina. Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo; malipiro olonjezedwa kumapeto kwa chaka ali pachala.

Za msinkhu

Apa ndi pamene ambiri asokonezeka. Malamulo aakulu a dziko, amene analembedwa m'chaka cha 1994, anakonzedwa m'chaka cha 2017 kuti munthu aliyense wosafika zaka 18 ayesedwe mwana. Mtsikana angakhale analangidwa kale, mnyamata angakhale ali ndi mphamvu zosenza thumba la chimanga, pamaso pa lamulo akali ana.

Lamulo la ntchito, lotchedwa Employment Act, la chaka cha 2000, ligawa ana pawiri. Wosafika zaka 14 saloledwa kulembedwa ntchito pa esiteti, m'fakitale, kapena pa malonda a munthu. Wa zaka 14 kufikira 18 aloledwa, koma ntchito yake isakhale yowononga thupi lake kapena makhalidwe ake, ndipo isamletse kupita kusukulu. Wolemba ntchito ana a msinkhu umenewu alamulidwa kusunga buku la mayina awo, ndipo woswa malamulo awa akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 5. M'chaka cha 2012 Boma linatulutsanso mndandanda wa ntchito zoopsa zoletsedwa kwa ana, ndipo m'menemo muli kupopera mankhwala ndi ntchito zina za fodya.

Wina adzafunsa kuti, "Kodi tsono mwana wanga asagwire khasu?" Iyayi, lamulo silinena chomwecho. Mwana wothandiza amake kutunga madzi, kapena wopita kudimba ataweruka kusukulu, ali kuphunzira moyo monga tinaphunzira tonse. Chimene lamulo likana ndicho kuti mwana akhale wantchito wa munthu wina thupi lake lisanakhwime, ndi kuti sukulu ithe chifukwa cha ntchitoyo.

Za fodya tinene pang'ono, chifukwa ambiri ayesa tsamba losasuta lilibe choipa. M'tsamba laliwisi muli chikonga, ndipo likanyowa ndi mame kapena mvula, chikongacho chilowa m'thupi kudzera pakhungu. Mwana wothyola fodya mmawa, atakumbatira masamba pachifuwa, ayamba kumva mutu, chizungulire, mseru ndi kusanza. Pamudzi tinena kuti ndi malungo, kapena tiganizira anthu. Koma ndi chikonga, ndipo thupi laling'ono chiligwira msanga koposa la wamkulu. Pa kafukufuku amene Boma linachita m'chaka cha 2015 anapeza kuti ana 38 pa ana 100 alionse a zaka 5 kufikira 17 anali pa ntchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo ambiri a iwo anali m'minda.

Zimene wantchito aliyense ayenera kulandira

Mnyamata wa zaka 16 wolembedwa ntchito yololedwa, ndi mnzake wa zaka 20, ali ndi ufulu womwewo umene ali nawo wantchito wamkulu. Kuchepa msinkhu sikuchepetsa malipiro. Boma liika malipiro otsikitsitsa amene munthu sayenera kulandira ochepera pamenepo, ndipo liwasintha nthawi ndi nthawi. M'chaka cha 2024 linawakweza kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pa mwezi, ndipo a antchito a m'nyumba linaika ena ocheperapo. Pakuti chiwerengerocho chinasinthanso pambuyo pake, funsani ku ofesi ya Leba kuti chili pati tsopano. Nthawi ya ntchito ndiyo maola 48 pa sabata, ndipo opitirira pamenepo alipidwa mwapadera. Munthu asagwire masiku oposa 6 otsatana popanda tsiku lopuma. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, cholandira malipiro. Mkazi woyembekezera ali ndi masabata 8 opuma akulandirabe malipiro ake, ndipo kumchotsa chifukwa cha pakati ndi kuswa lamulo. Wovulala pa ntchito, monga wodulidwa chala ndi lamba wa chigayo, ali ndi lamulo lake lomuuza bwana kulipa chipukuta misozi. Ameneyo asunge kalata zonse za kuchipatala, ndipo a Leba adziwitsidwe msanga. Ntchito ikatha, mwa njira iliyonse, malipiro otsala ayenera kuperekedwa masiku 7 asanapite.

Za umboni

Tsono tafika pa mtima wa phunziro lathu. Pabwalo la mfumu munthu anena mawu ake, ndipo anthu amdziwa ngati ali woona kapena wabodza, chifukwa anakula naye. Ku ofesi ya Boma palibe womdziwa. Mnyamata anena kuti anagwira miyezi 8, napangana K60,000 pa mwezi. Bwana abwera atavala bwino, nanena kuti mnyamatayo anali waganyu wa masabata awiri, ndipo anamlipira kale. Woweruza sanaliko. Adzakhulupirira yani?

Taganizani, abale. Sitikwatitsa mwana popanda ankhoswe. Ngakhale pogulitsa mbuzi tiitana munthu kuti aone ndalama zili kuperekedwa. Nanga bwanji tipereka mwana wathu kwa mlendo wa galimoto amene sitidziwa dzina lake lenileni, ndi kumene apita naye sitikudziwa? Makolo ambiri akafunsidwa kumene mwana wawo ali, angoti "ku Kasungu" kapena "kwa madamu ena ku Area 25." Kasungu ndi dziko lalikulu, ndipo madamu ku Area 25 ali ambirimbiri.

Chifukwa chake mwana asanachoke, atsibweni ake kapena wamkulu wina wa m'banja akhale pansi ndi womtengayo pamaso pa nyakwawa, ndipo zilembedwe izi: dzina lonse la wolemba ntchito ndi nambala ya foni yake, malo enieni ndi mfumu ya kumeneko, ntchito imene mwanayo adzagwira, malipiro ake ndi tsiku lolandira, ndiponso ngati chakudya ndi pogona adzazichotsa pa malipirowo kapena iyayi. Mapepala akhale awiri, lina lipite, lina litsale pamudzi. Lamulo lomwe lilamula wolemba anthu 5 kapena oposa kupatsa wantchito aliyense pepala lotere mwezi usanathe, kotero kuti wolipempha sachita chipongwe. Munthu woona sadzakana kulemba dzina lake. Akakwiya, nati, "Kodi simundikhulupirira?" mwaona kale mtima wake mwana akali pakhomo.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana, gulani kope laling'ono, mulisunge pamalo pobisika. Tsiku lililonse lembani kuti mwagwira, ndi nthawi yoyamba ndi yoweruka. Mukalandira ndalama lembani, ngakhale zikhale zochepa. Mukapatsidwa sopo, ufa kapena mankhwala pangongole, lembani ndi mtengo wake. Wosadziwa kulemba ajambule timizere, tsiku limodzi kamzere kamodzi, ndipo mnzake amlembere miyezi. Kope lotere, lodetsedwa ndi thukuta, lolembedwa tsiku ndi tsiku, lilemera pamaso pa woweruza koposa mawu okumbukira. Mauthenga a pafoni amene bwana analemba kuti "ndikupatsa mwezi wamawa" musawafufute, pakuti m'menemo wavomereza yekha kuti ali ndi ngongole. Ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena pa Mpamba zisiya tsiku ndi chiwerengero chake. Dziwaninso mayina a anzanu ogwira nawo ntchito ndi kwawo, chifukwa tsiku la mlandu adzakhala atabalalika.

Umboni wa zaka ufunikanso, pakuti bwana wogwidwa ndi mwana adzati, "Anandiuza kuti ali ndi zaka 19." Kalata ya kubadwa, buku la kusikelo, kalata ya kusukulu kapena ya ubatizo, zonsezi zisonyeza chaka chimene mwana anabadwa, zisungidwe kumene chiswe sichifika. Amene anakwana zaka 16 ali ndi chitupa cha unzika, ndipo asachipereke kwa bwana kuti amsungire. Wosunga chitupa cha wantchito kawirikawiri afuna kummanga miyendo.

Kuti muone kulemera kwa umboni, tamvani za mlandu umene unafika kutali. M'chaka cha 2020 maloya a Leigh Day anakasuma ku khoti lalikulu la ku London m'malo mwa alimi a fodya a ku Malawi oposa 7,000, ndipo mwa iwo oposa 3,000 anali ana. Anasumira makampani a British American Tobacco ndi Imperial, kunena kuti anapindula ndi fodya wolimidwa ndi ana ndi anthu omangidwa ndi ngongole. Makampaniwo anakana mlandu, napempha kuti uthetsedwe usanamveke, ndipo chifukwa chawo chachikulu chinali ichi: alimiwo alibe cholembedwa chosonyeza kuti masamba awo ndiwo analowa m'ndudu za makampaniwo. M'chaka cha 2021 woweruza anakana pempholo, nalola kuti mlandu upitirire. Kumeneko sikunali kugamula kuti makampani alakwa, kunali kungotsegula khomo. Koma taonani kuti ngakhale kutsidya la nyanja, pamaso pa maloya ophunzira, funso linali lomwelo limene mnyamata wathu afunsidwa pa boma: pepala lako lili kuti?

Za kuchotsedwa, ndi za ku Leba

Bwana saloledwa kuchotsa munthu chifukwa wadzuka ndi mkwiyo. Lamulo lifuna chifukwa chenicheni: kuti wantchito walephera ntchito, kapena wachita choipa, kapena ntchito yomwe yatha. Ndipo ngati amneneza choipa, ayambe wamva mbali yake. Pano pali chinthu chokoma chimene ambiri sachidziwa: pa mlandu wa kuchotsedwa, bwana ndiye ayenera kusonyeza chifukwa chake, ndipo akalephera, khoti liyesa kuti kuchotsako kunali kosalungama. Wolandira pa mwezi ayenera kuuzidwa mwezi umodzi isanathe ntchito, kapena kulipidwa ndalama za mwezi umenewo, pokhapokha atachita cholakwa chachikulu.

Wochitidwa zotere ayambe wapita kwa bwanayo ndi munthu wamkulu, nalankhule mwaulemu: "Bwana, tabwera kudzamva za malipiro a mwana uyu a miyezi itatu, mwina pali chimene sitinamvetse." Milandu ina ithera pamenepo, chifukwa wopondereza akaona kuti mwana ali ndi abale, mtima wake usintha. Ngati pamalopo pali bungwe la antchito, monga la antchito a fodya kapena a m'minda ya tiyi, akulu ake athandiza pa kukambirana kotere.

Zikakanika, khomo loyamba la Boma ndilo ofesi ya Leba ya m'boma limene ntchito inali. Kumeneko safuna loya ndipo munthu alankhula chinenero chake. Mkulu wa Leba alemba dandaulo, naitana bwana ndi kalata, nawerengera zimene lamulo linena, nayesa kuyanjanitsa awiriwo. Ali nayonso mphamvu yolowa pamalo a ntchito ndi kuona mabuku. Koma apa chenjerani. Makolo athu anati mlandu suola, ndipo pamudzi zili zoona, pakuti mlandu wa agogo ukhoza kuzengedwa ndi adzukulu. Ku Leba sikutero. Wochotsedwa mosalungama lamulo limpatsa miyezi itatu yokadandaula, kuwerenga kuyambira tsiku lochotsedwa. Ambiri abwerera kumudzi kukalira, nayembekeza kukolola kuti apeze ndalama ya ulendo, ndipo pofika apeza nthawi yapita. Kuli bwino kukalembetsa dandaulo musanakwere galimoto yobwerera kwanu. Amene nthawi inampitirira apitebe kukafunsa, makamaka ngati nkhani ili ya malipiro osaperekedwa. Koma asayese kuti kuchedwa kulibe mtengo.

Pali misampha iwiri imene igwira ana ambiri. Woyamba ndi pepala limene bwana apereka pamodzi ndi ndalama zochepa, nati, "Dinda chala apa." Kawirikawiri m'pepalamo mwalembedwa kuti walandira zake zonse ndipo alibenso chodandaula. Musadinde chimene simunawerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu wa mbali yanu. Msampha wachiwiri ndi kudzilipira wekha. Mnyamata wosalipidwa miyezi isanu atenga wailesi ya bwana, nati, "Iyi ndiyo malipiro anga." Mtima wathu umva naye chisoni, koma lamulo liyesa kumeneko kuba, ndipo tsiku lomwelo wodandaula asanduka wamlandu. Alipo mabwana ena amene ayembekeza dala chimenechi, ndipo ena anamizira wantchito kuba pamene mwezi uli pafupi kutha, kuti athawe osalandira. Wonamiziridwa asathawe. Akagwidwa ndi apolisi, malamulo aakulu a dziko anena kuti aonekere ku khoti maola 48 asanathe. Belo ya apolisi siigulidwa ndi ndalama. Ndipo ngati ali mwana, makolo kapena omsunga ayenera kudziwitsidwa. Kunenezedwa kuba sikufafaniza malipiro a masiku amene anagwira kale.

Za khoti ndi maloya a Boma

Mkulu wa Leba akalephera kuthetsa nkhani mwezi umodzi, apereka kalata yopita nayo ku khoti la milandu ya ntchito, limene pa Chingerezi alitcha Industrial Relations Court. Likhala ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Linakonzedwa kuti munthu wamba athe kudzinenera yekha, kapena kuyimiridwa ndi mkulu wa bungwe la antchito. Likhoza kulamula kuti munthu abwezedwe pa ntchito, kapena alipidwe chipukuta misozi monga mwa zaka zimene anagwira, pamodzi ndi malipiro ake otsala.

Kwa osauka osatha kulipira loya, Boma linakhazikitsa bungwe la Legal Aid Bureau, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2015. Lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, ndi ena m'maboma. Afunsa za chuma cha munthu ndi za mlandu wake, ndipo akaona kuti ali wosowa ndi mlandu uli womveka, ampatsa uphungu kapena loya womuyimira.

Tisakubisireni, njira iyi ili yaitali. Milandu ichuluka koposa oweruza, maloya a Boma ali owerengeka, ndipo a Leba nthawi zina alibe galimoto yofikira ku esiteti yakutali. Tsiku la mlandu lisunthidwa, ndalama ya ulendo itha, bwana ayembekeza kuti wosauka atope. Chifukwa chake, ngati ochitidwa choipa chimodzi ali angapo, apite pamodzi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mboni zisanu zonena chimodzi zivuta kuzikana. Ndipo mudzi umene usonkha ndalama za maliro ungathenso kusonkha za ulendo wa mwana wamasiye wopita kukamva mlandu wake.

Za mtsikana wa m'nyumba

Watsala mmodzi amene ali pangozi koposa onse, ndiye mtsikana wotengedwa kukagwira ntchito m'nyumba ya munthu m'tauni. Wa pa esiteti ali ndi anzake omuona. Uyu ali yekha kuseri kwa mpanda wa njerwa. Adzuka anthu onse akali m'tulo, nagona onse atagona. Aphika, achapa, akolopa, abereka khanda, ana a m'nyumbamo napita kusukulu iye ali kuwayang'ana. Kawirikawiri anamtenga ndi mawu akuti, "Tikamphunzitsa sukulu," ndipo womtengayo ali wachibale kapena wakumudzi komweko, kotero kuti makolo achita manyazi kufunsa za malipiro.

Lamulo la ntchito lili ndi mpata pamenepa, pakuti ndime yoletsa kulemba ana osafika zaka 14 inapatula ntchito yochitika m'nyumba. Tiyesa kuti olemba lamulo anaganiza za mwana wothandiza kwawo. Koma mpatawo alowerapo anthu osunga ana a eni monga akapolo, ndipo ife tiona kuti uyenera kutsekedwa. Komabe mtsikanayo sali wopanda chitetezo. Ntchito yowononga thupi lake kapena yomletsa sukulu ili yoletsedwa kulikonse. Lamulo losamala ndi kuteteza ana la chaka cha 2010 lipatsa a zachisamaliro cha anthu ndi apolisi mphamvu yochotsa mwana pamalo pamene ali kuzunzika. Ndipo lamulo la chaka cha 2015 loletsa kuzembetsa anthu linena kuti wotenga mwana kupita naye kwina kuti akamdyere masuku pamutu akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 21. Kuvomera kwa makolo sikumpulumutsa.

Pano pali mawu olimba a kwa ife makolo. Lamulo lomwelo la 2010 liletsa kupereka mwana monga chikole cha ngongole, ndiponso liletsa kukakamiza mwana kugwira ntchito kuti ndalama zake adye kholo kapena womsunga. Tidziwa kuti njala ndiyo ituma anthu kuchita zotere, ndipo sitiseka wosauka. Koma mayi wolandira malipiro a mwana wake mwezi ndi mwezi pafoni, osamva mawu a mwanayo, adzifunse ngati adziwa kuti mwana wake agona pati. Pemphani kulankhula naye yekha, madamu asali pafupi. Tumani munthu akamuone ndi maso, osayamba wanena tsiku. Mumphunzitse asanachoke nambala ya foni ya wachibale mmodzi kufikira ailoweza pamtima, ndi nambala 116, imene ili yaulere, yothandiza ana ovutika, ndipo ayankha a bungwe la YONECO la ku Zomba.

Ngati mtsikana wamenyedwa, kapena bambo wa m'nyumbamo kapena mwana wake wamgwira thupi kapena kugona naye, imeneyo siili nkhani ya ku Leba, ndipo siili nkhani yothetsa ndi mbuzi kapena ndalama pakati pa mabanja. Ili ya apolisi, amene ali ndi chipinda chapadera cholandirira ozunzidwa. Apite naye kuchipatala msanga, masiku atatu asanathe, pakuti mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV agwira ntchito akayambidwa maola 72 asanakwane, ndipo kalata ya dokotala idzakhala umboni ku khoti. Madamu ambiri akazindikira zotere athamangitsa mtsikanayo usiku, namneneza kuti ndiye anakopa mwamuna wawo, osampatsa ngakhale ndalama ya basi. Akafika pamudzi wotere mumlandire, musamfunse mafunso pagulu, ndipo amayi aakulu amve mawu ake mofatsa, wina nalemba masiku ndi mayina akali kuwakumbukira. Mlandu wa kwa apolisi uyenda pawokha, ndi wa malipiro ake uyendanso pawokha ku Leba; kutsegula wina sikutseka unzake, ndipo miyezi yonse imene anagwira m'nyumbamo iyenera kulipidwa.